Kwanu N'kwanu, M'thengo Mudalaka Njoka



Mwezi wathawu, pamene tinkasuntha katundu kuti amisiri akonze denga la nyumba, mdzukulu wanga wina wamkazi adatsekula bokosi lachitsulo la malemu bambo anga. M'menemo adapezamo chikhothi chodyedwa ndi njenjete, chitupa chong'ambika m'mbali, ndi kachithunzi ka mnyamata wopanda nsapato ataima pafupi ndi mpanda wa waya, ndege yamawaya ili m'manja. Atawerenga mawu olembedwa kuseri kwa chithunzicho adandifunsa kuti, "Agogo, kodi Gwelo ndi mudzi wa kwa mfumu iti kuno ku Kasungu?" Ndidaseka, koma usiku umenewo tulo sitidabwere msanga. Ndidazindikira kuti zaka zonsezi ndakhala ndikukuphunzitsani miyambi osakuuzani kumene njala yanga ya miyambiyo idachokera. Tsono lero khalani pansi mumve. Mnyamata wa pachithunziyo ndine. Ndidabadwa m'chaka cha 1949 ku Gwelo, mzinda womwe kuyambira 1982 umatchedwa Gweru, m'dziko la Zimbabwe, ndipo zaka khumi ndi chimodzi zoyamba za moyo wanga ndidakulira m'mphepete mwa bwalo la ndege za nkhondo lotchedwa Thornhill.

Mmene bambo adapezekera kumeneko

Bambo anga adachoka kuno m'chaka cha 1941 ali mnyamata wosakwatira. Masiku amenewo msonkho unkafuna ndalama, ndipo kumudzi ndalama inali yosowa ngati nyanga ya galu. Amuna a ku Kasungu ankapita kumigodi ya ku Joni kapena ku Halale, dzina limene makolo athu ankatchulira dziko lonse la Southern Rhodesia. Njirayo sidali yachilendo, pakuti ngakhale Dr. Hastings Kamuzu Banda, ali mnyamata, adaiyenda wapansi kuchoka kuno nakagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley, komwe lero ndi ku Chegutu, asadapitirire ku South Africa. Bambo adadzera ku Fort Jameson, komwe tsopano timati ku Chipata, nawoloka Zambezi pamodzi ndi anzawo, phukusi la ufa ndi kampoto zili pamutu.

Adafika nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, itasandutsa Southern Rhodesia sukulu ya oyendetsa ndege. Angerezi adaona kuti kwawo sakadatha kuphunzitsa anyamata kuuluka mwamtendere chifukwa cha ndege za Germany ndiponso mitambo yosatha, pamene thambo la ku Rhodesia limakhala loyera miyezi yambiri pachaka. Motero kuyambira 1940 adatsekula mabwalo ophunzitsirapo: Belvedere ndi Cranborne ku Salisbury, Kumalo, Induna ndi Heany kufupi ndi Bulawayo, komanso Thornhill, Moffat ndi Guinea Fowl m'dera la Gwelo. Oyendetsa ndege oposa 7,000 adaphunzira m'mabwalo amenewa nkhondo isadathe. Mabuku ambiri amasimba za iwowa. Koma mabwalowo adalambulidwa ndi kusalazidwa ndi manja a anthu akuda, ndipo ankalonderedwa ndi asilikali akuda a gulu lotchedwa Rhodesian Air Askari Corps. Bambo adalembedwa m'gulu limeneli. Ntchito yawo inali kuima usiku pafupi ndi mashedi a ndege, m'chisanu cha ku Gwelo chomwe chimaumitsa madzi m'beseni mwezi wa Juni. Chikhothi chija mudachipeza m'bokosi chidawafunditsa m'chisanu chimenecho.

Nkhondo itatha mu 1945 adabwera kumudzi nakwatira mayi anga mu 1946. Apa mumvetsetse bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pamwambo wathu wa Chichewa ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wa mayi, amene timawatchula kuti atsibweni. Bambo atapempha kuti atenge mkazi wawo apite naye kutali, atsibweni adavomera, koma adanena mawu pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri: "Mlamu, mlongo wangayu mutengeni, koma ana amene Chauta adzakupatseni kumeneko ndi mbumba ya mudzi uno. Adzabwere akadali ndi makutu omva." Bambo adaomba m'manja navomera.

Mu 1947 gulu la ndege za nkhondo la Angerezi, la RAF, lidabwereranso kudzaphunzitsa anyamata ake ku Thornhill ndi ku Heany. Bambo adapeza ntchito ya ukhukhi ku mesi, kumene ankadyera akuluakulu a asilikali. Amuna a ku Nyasaland ankadziwika m'dziko lonselo kuti ndi akatswiri pophika, potelala ndi polemba m'maofesi, popeza ambiri adadzera m'sukulu za mishoni. Ine ndidabadwa patapita zaka ziwiri, chaka chomwe njala yaikulu idasautsa Nyasaland, makamaka kummwera. Mchombo wanga utagwa, amayi achikulire a ku Nyasaland omwe ankakhala nafe pafupi adaukwirira kuseri kwa nyumba yathu ya ku komboni.

Ubwana kuseri kwa waya

Mwana wa kumudzi amadzutsidwa ndi tambala ndi kusinja kwa amayi pamtondo. Ife tinkadzutsidwa ndi lipenga la asilikali ndi kulira kwa mainjini omwe amakaniko ankawayesa dzuwa lisadatuluke. Ndisadadziwe kuwerenga ndinkatha kusiyanitsa ndege ndi makutu okha. Padali ya Harvard, yaphokoso long'amba m'makutu, yomwe ikamanyamuka makanda onse a ku komboni ankadzidzimuka. Padali ya Anson, ya mainjini awiri, yoyenda modekha ngati nkhalamba yopita kudimba. Padalinso timbalame ting'onoting'ono ta Chipmunk tophunzirira oyamba kumene, timene tinkatera modumphadumpha ife n'kumaseka kuseri kwa waya. Bambo ankatisimbiranso za ndege ya Tiger Moth, ya mapiko awiri osanjikizana okutidwa ndi nsalu, imene munthu ankailiza popukusa pulopela ndi dzanja.

Pofika 1954 a RAF adali atalongedza kubwerera kwawo. Ndimakumbukira pang'ono chabe malole odzaza mabokosi, ndi ana achizungu amene tinkaponyerana nawo mpira pamwamba pa mpanda akutibayibitsa. Iwo ankakhala m'nyumba za njerwa zamagetsi mbali ina ya bwalo, ife m'tizipinda ta malata mbali inayi. Sitinkaphunzira sukulu imodzi, ndipo malamulo a dzikolo ndiwo ankagawa malo okhala potengera khungu. Komabe mwana ndi mwana: mpira ukadumpha waya unkabwezedwa, nthawi zina pamodzi ndi siwiti. Ndimaganiza kuti ena mwa iwo, nkhalamba ngati ine lero ku England, amakumbukirabe mitengo ya jakaranda ndi fumbi lofiira la ku Gwelo monga ubwana wawo. Nawonso adali ana a pamalo pomwe padalibe agogo awo.

Bwalolo lidakhala zii kwa kanthawi, bambo nakaphika kwa mzungu wina m'tauni. Kenaka lidatengedwa ndi gulu la ndege la boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidayamba mu 1953. Gululo linkatchedwa Royal Rhodesian Air Force, ndipo bambo adaitanidwanso ku mesi. Apa ndi pamene ndidaona ndege yoyamba yopanda pulopela, ya Vampire, ya michira iwiri, yolira ngati likhweru lalikulu. Mmisiri wina wa matabwa wa ku Nkhotakota, amene ankagwira ntchito kumashedi, adatiuza kuti chipinda chokhalamo woyendetsa ndegeyo n'chopangidwa ndi matabwa opyapyala omatidwa pamodzi. Tidamuyesa wabodza, koma nditakula ndidapeza kuti ankanena zoona. Padalinso ndege za Provost zophunzirira, ndi za Dakota zonyamula asilikali ndi katundu zomwe zinkatera nthawi ndi nthawi.

Ife anyamata tinkatola mawaya ndi zitini kudzala n'kupanga ndege zathu. Yanga inali ya Vampire, ndipo m'komboni monse mudalibe ina yoposa imeneyo. Ndinkauza aliyense kuti ndikadzakula ndidzayendetsa yeniyeni. Akuluakulu ankangomwetulira, osafuna kundiuza kuti masiku amenewo munthu wakuda ankaloledwa kutsuka ndege ndi kuilondera, osati kukhala pampando wake.

Kunena zoona, sitinkagona ndi njala. Loweruka lililonse kunkabwera phoso la ufa, nyemba, mchere ndi kanyama, ndipo bambo ankabwera ndi zotsala za ku mesi. Ndidadziwa buledi wopaka jamu ndisadadziwe chigumu. Pabwalo tinkayankhula Chishona, Chindebele ndi Chilapalapa, ndipo Chinyanja chinali cha m'nyumba basi, choyankhira makolo akatiitana. Eni dziko ankatitchula kuti Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale bambo anga mzinda wa Blantyre adali asadauonepo. Lamulungu anthu a kwathu ankasonkhana kulokeshoni ya Mtapa, ena ogwira ntchito kufakitale ya nsapato ya Bata, ena kunjanji, ena m'mafamu ozungulira. Ankapemphera m'Chinyanja, kuwerengerana makalata ochokera kumudzi, ndi kusonkha ndalama za bungwe lawo la maliro.

Bungwe limeneli ndidaliona ntchito yake mu 1957, pamene mlongo wanga wamng'ono adamwalira ndi chikuku ali ndi zaka ziwiri. Kudalibe agogo, kudalibe atsibweni, kudalibe adzukulu a m'mudzi okumba manda monga mwa mwambo. Adabwera Atonga a ku Nkhata Bay, Ayao a ku Fort Johnston, Alomwe a ku Mlanje ndi Angoni a ku Ncheu, anthu omwe kuno kwathu mwina sakadadziwana, nagula bokosi, nakumba manda, nagona pamaliro masiku atatu. Paja mutu umodzi susenza denga. Ndidayamba kumva mawu oti "ife a ku Nyasaland" pamaliro amenewo, kutali ndi Nyasaland yemweyo.

Malichi wa 1959

Dr. Banda adabwerera ku Nyasaland pa 6 Julayi 1958 kudzatsogolera chipani cha Nyasaland African Congress polimbana ndi Chitaganya. Kuyambira pamenepo abambo a ku komboni ankasonkhana usiku pa wayilesi ya mnzawo wina, akuyankhula motsitsa mawu. Kumapeto kwa Febuluwale 1959 bwalo lidasintha. Magetsi a kumashedi ankayaka usiku wonse, malole ankalowa ndi kutuluka, ndipo bambo ankaweruka mochedwa chifukwa ku mesi ankaphika nthawi zosazolowereka.

Tsiku lina mmawa ndege zingapo zidanyamuka motsatizana. Ine ndidathamangira kuwaya ndi ndege yanga yamawaya, ndikulumpha ndi kukuwa mokondwa monga mwa masiku onse. Nditacheuka ndidapeza bambo ataima kumbuyo kwanga, atavala yunifolomu yawo yoyera ya kukhitchini. Adandifunsa mwakachetechete kuti, "Mwana wanga, ukudziwa kumene zikupita ndege ukuziombera m'manjazi?" Ndidati sindikudziwa. Iwo adati, "Zikupita kwanu." Ine, mwana wa zaka khumi, ndidayankha mosaganiza, ndiponso m'Chishona: "Atate, kwathu ndi kuno."

Sadandimenye, sadandikalipire. Adangondiyang'ana nthawi yaitali, natenga ndege yamawaya ija m'manja mwanga, naizunguza ngati akuiona koyamba, n'kundibwezera. Kenaka adabwerera kuntchito. Madzulo ake nsima sadadye.

Zomwe zinkachitika kwathu mumaziwerenga kusukulu. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza lamulo la zadzidzidzi. Ndege za boma la Chitaganya zidatutira asilikali ku Chileka, ndipo zina zinkauluka motsika pamwamba pa midzi, kuopseza anthu ndi kumwaza timapepala. Ku Nkhata Bay asilikali adaombera khamu la anthu amene adasonkhana padoko pomwe padali sitima yosungiramo omangidwa. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin lidapeza kuti anthu akuda oposa 50 adaphedwa m'dziko lonse m'masiku amenewo. Ndicho chifukwa chake tsiku la 3 Malichi timalisunga mpaka lero pokumbukira ofera dziko. Anthu mazanamazana adatsekeredwa ku Kanjedza ku Limbe, ena ku Khami kufupi ndi Bulawayo. Dr. Banda adawakweza ndege ku Chileka, ndipo adakawatsekera m'ndende ya ku Gwelo, pamodzi ndi Henry Masauko Chipembere, Dunduzu Chisiza ndi Yatuta Chisiza.

Taganizani za mtima wa munthu wa ku Kasungu m'mzinda umenewo chaka chimenecho. Mmawa akukazinga mazira a anyamata oyendetsa ndege zokaopseza midzi ya kwawo. Madzulo akapita kutauni panjinga akudutsa pafupi ndi linga la ndende mmene muli mwana wa kwawo kwenikweni, wa ku Kasungu konkuno. Ambiri mwa anyamata oyendetsa ndegewo bambo adawadziwa ali ophunzira, ena adali aulemu ndithu, ndipo mmodzi ndiye adajambula chithunzi chija. Bambo sadawade, koma sadathenso kuwapatsira chakudya ndi mtima umodzi monga kale. Patapita zaka zambiri, ndili mphunzitsi kale, adandiuza kuti, "Ndege zija zidandipweteka, koma chomwe chidandilasa kwenikweni ndi mawu ako. Ndidaona kuti ndasunga mimba ya mwana, mwanayo ndikumutaya."

Usiku wina ndidawamva akukambirana ndi amayi, ife ana atatiyesa tagona. Bambo ankati, "Amake ana, mapanga awiri avumbwitsa. Ndidalonjeza alamu anga kuti ana adzabwera akadali ndi makutu omva. Uyu makutu ake ayamba kale kutseka." Amayi ankalira, osati chifukwa chokana kwawo, koma chifukwa cha kamanda ka mlongo wanga. Ankati, "Ndimusiye ndi yani mwana wanga kuchilendo kuno?" Anzawo a bambo nawonso adawaletsa. Wina, amene adayenda nawo ulendo wa 1941, adawakumbutsa mwambi wa kwathu kuno kwa alimi a fodya, woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Ankatanthauza kuti ntchito ndi phoso zili m'manja kale, pamene ufulu wa Nyasaland udali nkhani yongomva. Sadali wopusa munthu ameneyo, ndipo mwambi adautchula m'malo mwake. Miyambi, adzukulu anga, nthawi zina imakokana, ndipo nzeru ndi kudziwa woyenera tsiku limenelo. Bambo adamuyankha ndi uwu: kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Tanthauzo lake ndi ili. Njoka ndi mwini thengo, ndiyo iyenera kulidziwa bwino koposa zamoyo zonse. Komabe moto wolusa ukabuka kapena chisanu chikakula, njoka yomweyo imathawira kumudzi, m'nkhokwe ndi m'tsindwi. Ngati thengo lidakanika mwini wake, nanga munthu wongopitako? Kuchilendo kumakoma pamene zinthu zili bwino. Tsiku la moto ndi limene limakuuza kumene uli ndi pothawira.

Ulendo wobwerera

Dr. Banda adatulutsidwa pa 1 Epulo 1960. Pambuyo pake ankakonda kunena za maloto awo atatu a ku Gwelo: kusamutsira likulu ku Lilongwe, kumanga yunivesite, ndi kulambula msewu wa m'mbali mwa nyanja. Mbiri ya ulamuliro wawo ili ndi zowala ndi zakuda, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Bambo anga nawo adali ndi loto lawo limodzi la ku Gwelo, ndipo adalikwaniritsa chaka chomwecho mvula isadagwe. Adasonkhanitsa ndalama miyezi khumi ndi isanu ndi itatu, nagula njinga ya Humber ndi makina osokera a Singer, natsanzika ku mesi mwaulemu.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke, amayi adanditenga kupita kumanda. Adalambula udzu, nagwada, nayankhula ndi mlongo wanga monga munthu amayankhulira ndi mwana amene ali maso. Adamuuza kuti tikupita kwathu ndipo asatsale. Kenaka adatapa dothi lodzaza dzanja namanga pakansalu. Kansaluko adakasunga pachifuwa ulendo wonse.

Tidakwera sitima ku Gwelo kudzera ku Salisbury ndi ku Umtali, tidasintha kufupi ndi Beira, tidawoloka Zambezi pamlatho wautali wa ku Sena, mpaka tidafika ku Limbe ndi ku Salima. Kuchokera kumeneko tidakwera basi kudzera ku Lilongwe. Phiri la Kasungu litaonekera patali pakati pa chigwa, bambo adavula chipewa. Ine ndidangoona fumbi, mitengo ya misuku ndi nyumba zaudzu, ndipo ndidafunsa amayi kuti magetsi ali kuti.

Mwambo wolandirira munthu amene wakhalitsa kutali ndidauona tsiku limenelo, ndipo ndikufuna muusunge. Sitidalowe m'nyumba iliyonse. Tidakhala pamphasa pansi pa mtengo, katundu ali pambali, kufikira atsibweni ndi anyakwawa atabwera. Adatipatsa madzi akumwa, kenaka padayamba malonje. Bambo adafotokoza ulendo wonse kuyambira tsiku lomwe adachoka ndi amayi mu 1946, ana amene adabadwa, ndi mwana amene adatsala. Akuluakulu ankavomera ndi kuomba m'manja pang'onopang'ono. Atatha, atsibweni nawo adafotokoza za mudzi, natchula mmodzimmodzi onse amene adamwalira ife kulibe, kuphatikizapo agogo anga aamuna. Pamenepo amayi onse adayamba kulira ngati maliro achitika tsiku lomwelo, pakuti kwathu maliro sakalamba kufikira mwini wake atawalira. Mmawa mwake, anyakwawa atapereka chilolezo, akuluakulu adapita kumanda, ndipo kansalu ka dothi kaja adakakwirira pafupi ndi manda a agogo. Atabwerako ndi pamene adapha nkhuku ndi mbuzi. Atsibweni adandiika dzanja pamutu nauza bambo kuti, "Mlamu, mwasunga mawu."

Musaganize kuti zonse zidakoma pomwepo. Walira mvula walira matope. Bambo, amene adazolowera kuphikira akuluakulu a asilikali, adakhala mkamwini m'mudzi wa akazi awo, nayamba kuphunzira fodya wa chikopa ali ndi zaka makumi anayi: kufesa nazale, kuthena, kusoka masamba, kupachika pamikangala m'chigafa, ndi kudikira mtengo womwe wogula yekha ndiye ankaudziwa. Zikhatho zawo zidachita matuza, ndipo buledi wa jamu tidamuiwala. Ine anzanga ankanditcha kamtchona. Ndinkalephera kugwira khasu, kutcha diwa la mbewa, ngakhale kupereka moni woyenera kwa akulu. Ndikayankhula ankaseka, chifukwa mawu atatu aliwonse limodzi lidali la Chishona. Usiku ndinkalira mobisa, ndikulakalaka kulira kwa Vampire.

Adandipulumutsa ndi agogo anga aakazi. Madzulo aliwonse ankandiitana kuti ndiwathandize kutongola chimanga kapena kusenda mtedza, ndipo ankandiponyera mwambi umodzi kuti ndigone nawo, mmawa ndiwauze tanthauzo. Ndikalakwa ankaseka mpaka kutsokomola, ndikalondola ankandipatsa mbatata yootcha. Ana obadwira m'mudzi miyambi ankangoimva ngati mphepo, koma ine ndinkaitola umodziumodzi ngati munthu wotola ndalama, chifukwa ndidadziwa kusowa kwake. Ndidayamba kuilemba kumapeto kwa kope langa la masamu. Pamene boma lidalengeza mu 1968 kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko, ine ndidali nditadzaza kale makope atatu, ndipo ndidapita nawo kukoleji ya aphunzitsi. Mnyamata amene ankafuna kuyendetsa ndege adatha zaka zoposa makumi atatu ali ndi choko m'manja.

Amene adatsala

Mu 1996 ndidapita ku Gweru koyamba chichokereni. Bwalo lidalipo, m'manja mwa gulu la ndege la Zimbabwe, ndipo akuda ndiwo ankayendetsa ndege, chinthu chimene chidandisangalatsa kwambiri. Lidali litaona zambiri, kuphatikizapo chiwembu cha mu Julayi 1982 pamene ndege zingapo zidaphulitsidwa usiku zili pansi. Kuyambira 2017 limatchedwa ndi dzina la Josiah Tungamirai. Ndidaima kunja kwa mpanda monga kale, koma pamene padali nyumba yathu sindidapazindikire, ndipo kamanda ka mlongo wanga kadali katafafanizika. Ndidathokoza mumtima nzeru za amayi.

Ku Mtapa ndidapeza mwana wa mnzawo wa bambo uja wa mwambi wa fodya. Tidakumbatirana, tidalira, tidacheza m'Chishona changa chothyokathyoka, pakuti iye Chichewa adali atachitaya. Bambo ake adamwalira konko osaonanso Kasungu, ndipo iye sankadziwa ngakhale dzina la mudzi wa amayi ake. Sindikumuweruza, pakuti adali ndi nyumba yabwino ndi ana ophunzira kuposa anga. Koma moto udabuka patapita zaka zochepa. Minda ya azungu itayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri a m'mafamu, zidzukulu za anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, adasowa kolowera chifukwa adalibe mudzi m'dzikomo. Lamulo la unzika la 2001 lidachititsa kuti ambiri obadwira konko awerengedwe ngati alendo, kufikira malamulo aakulu a dziko a 2013 atawabwezera unzika obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC. Ena amene adayesa kubwerera kuno adafika pa Mwanza kapena pa Dedza ali ndi dzina la boma lokha, osadziwa mfumu, osadziwa mfunda wa amayi awo.

Mawu anga kwa inu

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga muli ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Dublin kapena ku Leeds, ndipo ana anu adabadwira komweko monga ine ndidabadwira ku Gwelo. Sindikunena kuti longedzani mawa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ine ndemwe sindikadakhala chimene ndili popanda zomwe ndidaona kuseri kwa waya uja. Gwelo ndimamukonda mpaka lero. Mchombo wanga uli komweko, ndipo ndege ikamadutsa pamwamba pa munda wanga ndimaimikabe khasu n'kuyang'ana kumwamba ngati mwana. Chimene ndikupempha n'chochepa. Mwana wanu adziwe dzina la mudzi wa amayi ake, dzina la mfumu yake, mfunda wake, ndi kumene agogo ake adagona. Muziyankhula naye Chichewa m'nyumba, ngakhale akuyankheni m'chiyankhulo china. Mubwere naye kamodzi akadali ndi makutu omva, akhale pamphasa, amve malonje, alire maliro a anthu ake.

Bambo anga adamwalira mu 1988 ndipo adagona kuno, pamtunda wosakwana kilomita imodzi kuchokera pomwe ndikulembera. Sadalemere ndi fodya, ndipo nthawi zina m'zaka za chilala ankakumbuka phoso la Loweruka n'kupukusa mutu. Tsiku lina ndidawafunsa ngati adanong'onezapo bondo. Adandiyankha ndi funso: "Kodi kwanu n'kuti?" Ndidatchula mudzi, mfumu ndi mfunda. Iwo adati, "Basi, ndiye malipiro anga amenewo."

Chithunzi chija ndachipereka kwa mdzukulu amene adachipeza, ndipo kuseri kwake, pansi pa mawu oti Gwelo, ndalembapo dzina la mudzi wathu. Mukabwera patchuthi mudzachione.

Ndatha ine agogo anu, kuno ku Kasungu. Tsalani bwino.